Wosewera mpira akagwa m'mlandu: zochita kupolisi, ku ligi ndi ku timu

Chibakera chimodzi choponyedwa pa Mzuzu Stadium gemu itatha chimabala milandu itatu. Woyamba ndi wa boma: apolisi, belo, khoti la majisitireti. Wachiwiri ndi wa mpira: lipoti la woyimbira, komiti yoona za mwambo ya SULOM (bungwe loyendetsa ligi yaikulu) kapena FAM (bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno), chiletso ndi chindapusa. Wachitatu ndi wa abwana anu, timu yomwe munasayina nayo kontrakiti. Osewera a Moyale Barracks omwe ndi asilikali ali ndi wachinayi, chifukwa malamulo a usilikali amawatsatira ngakhale atavala jezi. Milanduyi siyendera limodzi. Uliwonse uli ndi masiku ake, oweruza ake ndi mlingo wake wa umboni, ndipo kupambana kwina sikufafaniza kwina.

Mu Julayi 2012 khoti la ku London linapeza John Terry wosalakwa pa mlandu wonyoza Anton Ferdinand chifukwa cha khungu lake. Patangopita miyezi iwiri, bungwe la mpira la ku England linamupeza wolakwa pa mawu omwewo, linamuletsa magemu 4 n'kumulipitsa mapaundi 220,000. Khoti limafuna umboni wosasiya chikaiko chilichonse, pomwe komiti ya mpira imangofuna kukhutira kuti zinachitikadi. Zimathekanso mwa njira ina: mu 1994 Duncan Ferguson wa Rangers anagunda ndi mutu wosewera wa Raith Rovers, woyimbira sanatulutse khadi, koma mu 1995 khoti linamutumiza kundende miyezi 3. Mzere woyera wa m'bwalo sutchinga lamulo la dziko.

Mukangomangidwa

Musalimbane ndi wapolisi, ngakhale masapota akukuwa kuti akusiyeni. Kukana kumangidwa ndi kumenya wapolisi ndi milandu payokha, ndipo imakhala yosavuta kuitsimikiza kuposa umene anakugwirirani. Funsani chimene mwamangidwira. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko lino limati muuzidwe m'chilankhulo chimene mukumva, choncho ngati Chingerezi cha pa pepala sichikulowa bwino, pemphani Chichewa, Chitumbuka, Chitonga kapena Chinkhonde.

Gawo lomwelo limakupatsani ufulu wokhala chete ndi wokaonana ndi loya. Perekani dzina ndi komwe mukukhala, zinazo nenani kuti muyankha loya akafika. Osewera ambiri amadzimangirira pa sitetimenti yoyamba, mtima udakali m'mwamba. Mawu oti "ndinangomukankha pang'ono" kwa inu ndi kudziteteza, koma kwa woimira boma pa milandu mwavomera kale kuti munalipo ndipo munamugwira. Ngati mwasankha kupereka sitetimenti, iwerengeni yonse kapena akuwerengereni, konzetsani polakwika, ndipo musasayine pepala lomwe lili ndi mizere yopanda kanthu pamwamba pa dzina lanu.

Anthu atatu adziwe usiku womwewo: wachibale, timu manijala ndi loya. Ngati mulibe ndalama ya loya, Legal Aid Bureau ili ndi ofesi mu Mzuzu. Wachibale apiteko m'mawa ndi dzina lanu lonse, polisi yomwe mukusungidwa ndi mlandu womwe mwauzidwa.

Lamulo limati muonekere kukhoti pasanathe maola 48. Koma werengani bwino: maolawo akathera nthawi yomwe khoti latseka, mumaonekera tsiku lotsatira lomwe khoti likugwira ntchito. Wogwidwa Loweruka 7 koloko madzulo maola ake amatha Lolemba madzulo, kutanthauza kuti akhoza kugona m'chitokosi mpaka Lachiwiri popanda lamulo kuswedwa. N'chifukwa chake belo ya kupolisi ndi yoyenera kuipempha msanga pa milandu ing'onoing'ono. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Wa timu kapena sapota amene akuti "tiwaponyere kangachepe" akukuonjezerani mlandu wa ziphuphu.

Pamene inu muli mkati, akunja asonkhanitse umboni. Makanema a m'mafoni a masapota amafufutidwa pakangopita masiku, ndipo ofala pa WhatsApp amakhala odulidwa, kuyambira pomwe inu mukuponya dzanja. Pezani kanema wathunthu kwa mwini wake, lembani dzina lake ndi pomwe anakhala. Ngati nanunso munavulala, tengani kalata ya kupolisi mukaonedwe ku Mzuzu Central Hospital kapena ku Mapale mwamsanga, chotupa chisanaphwe. Lipoti la dokotala ndi lomwe limakweza kapena kutsitsa mlandu: kumenya wamba, pa gawo 253 la Penal Code, chilango chake chimafika chaka chimodzi, kumenya kovulaza thupi, gawo 254, zaka 5, kuvulaza koopsa, gawo 238, monga kuthyola nsagwada kapena kuwononga diso, zaka 14.

Belo ya kukhoti ndi ndandanda wa magemu

Apa ndi pomwe wosewera mpira amasiyana ndi munthu wina aliyense, ndipo maloya ena saganizirapo ngati simunawauze. Khoti likamapereka belo limaika malamulo: ndalama ya chikole, anthu okuimirirani, kukaonekera kupolisi pa masiku oikika, kupereka pasipoti, kusatuluka m'boma lino popanda chilolezo. Wogulitsa mumsika wa Mzuzu akhoza kutsatira zonsezi osavutika. Inu sabata ino muli ku Karonga, ya mawa ku Lilongwe, inayo ku Blantyre, ndipo basi ya timu imanyamuka Lachinayi kapena Lachisanu.

Mupatseni loya ndandanda wa magemu wa ligi asanaime pamaso pa majisitireti, pamodzi ndi kalata ya timu yotsimikiza kuti ndinu wantchito wawo ndiponso komwe mukukhala, kaya ndi ku Chibavi, Katawa kapena Luwinga. Apemphe kuti tsiku lokaonekera kupolisi likhale Lolemba kapena Lachiwiri, komanso kuti maulendo a timu a m'dziko momwemuno aloledwe m'chikalata cha belo. Izi zikaiwalika, mudzafunika kubwereranso kukhoti kukapempha kuti malamulowo asinthidwe. Musangokwera basi poganiza kuti wapolisi wa pa kauntala ndi sapota wanu. Mukaitanidwa ku Flames kapena kukayesedwa ku timu yakunja, pasipoti imatuluka ndi chilolezo cha khoti basi.

Tsiku la khoti likagundana ndi gemu, gemu ndiyo imagonja. Mukajomba, khoti limatulutsa chikalata chokumangani, belo imalandidwa, ndipo amalume kapena ankhoswe omwe anakuimirirani amataya ndalama yawo. Okuimiriraniwo asankheni pakati pa anthu okhazikika, okhala ndi chiphaso cha unzika ndi ntchito kapena bizinesi yodziwika. Mnzanu wa m'timu angagulitsidwe ku Dedza mwezi wa mawa.

Belo ikakanidwa, pa mlandu woweruzidwa ndi majisitireti lamulo limaika masiku 30 okhala pa limandi mlandu usanayambe, pokhapokha khoti litaonjezera. Loya awerenge masikuwo.

Kuvomera, kukana, kapena kukambirana

Kuvomera mlandu kumaoneka njira yachidule: mwalipira chindapusa, Loweruka mwasewera. Nthawi zina ndi nzeru ndithu, makamaka kanema akakhala woonekeratu, chifukwa khoti limachepetsa chilango kwa wovomera msanga ndi wopalamula koyamba. Koma dziwani mtengo wake. Dzina lanu limalowa m'kaundula wa opezeka olakwa, ndipo chilolezo chogwirira ntchito ku South Africa ndi maiko ena chimafuna kalata ya polisi yosonyeza mbiri yanu. Komiti ya ligi nayonso idzatenga kuvomera kwanuko ngati umboni wokwanira. Musavomere chifukwa choti timu ikukufunani pa gemu yotsatira.

Kukambirana ndi wodandaula n'kololedwa pa milandu yaing'ono monga kumenya wamba, ndipo lamulo limalola khoti kulimbikitsa chiyanjano. Chovuta n'chakuti anthu amachita mobisa. Mlandu ukafika kukhoti ndi wa boma, wodandaula ndi mboni chabe, ndiye "ndakukhululukira" wa pa foni sautseka. Inuyo musamuimbire, musamutumizire ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, musatume anyamata kunyumba kwake. Zimenezo ndi kusokoneza mboni ndipo belo ikhoza kulandidwa. Akuluakulu a mbali zonse ziwiri akumane loya akudziwa, zogwirizana zilembedwe, bilu ya chipatala ilipidwe ndi lisiti, kenako zikanenedwe pamaso pa majisitireti. Milandu ikuluikulu monga kugwiririra kapena kugona ndi mwana wosakwana zaka 18 sithera pa mphasa ya ankhoswe, ndipo kuyesa kuitsekera ndi ndalama kumangoikulitsa.

Mukagamulidwa ndipo simukukhutira, chidziwitso choti muchita apilo ku High Court, yomwe ili ndi nthambi mu Mzuzu momwemuno, chiperekedwe pasanathe masiku 10.

Za Facebook n'zachidule: musalembe kanthu. Kutukwana woyimbira kapena wodandaula pa intaneti kungabale mlandu wina pansi pa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016, ndipo ku ligi ndi kuipitsa mbiri ya masewero. Uthenga wa mawu wotumizidwa pa gulu la WhatsApp la timu umatuluka tsiku lomwelo.

Mlandu wa ku ligi

Khadi yofiira imakuimitsani gemu yotsatira popanda kudikira kalata. Komiti yoona za mwambo ikhoza kuonjezera ikawerenga malipoti, ndipo ikhoza kulanga ngakhale zomwe woyimbira sanaone. Kuti mudziwe kukula kwa nkhani, onani malamulo a mwambo a FIFA a mu 2023, omwe mabungwe a m'maiko amatengerako: kusewera moika mnzanu pangozi, magemu osachepera 2, kumenya, kuluma kapena kulavulira mnzanu, osachepera 3, chipongwe kwa woyimbira, 4, kumuopseza, 10, kumumenya, 15, tsankho, 10. Manambala omwe adzagwiritsidwe ntchito pa inu ali m'malamulo a mwambo a FAM ndi m'malamulo a mpikisano womwe munalakwira, kaya ndi Super League, chikho, kapena ligi ya Northern Region Football Association. Timu iliyonse imalandira malamulowa nyengo isanayambe. Apempheni kwa mlembi wa timu ndipo muwerenge nokha gawo lomwe latchulidwa m'kalata yanu.

Kalata yokuimbani mlandu imapita ku timu, kawirikawiri pa imelo, ndipo masiku oyankhira amayamba kuwerengedwa ikafika kumeneko, osati tsiku lomwe inu mwaimva. Masikuwo amakhala ochepa. Milandu yambiri ya osewera imatayika chonchi, kalata itagona mu imelo ya mlembi pamene wosewera ali kupolisi kapena pa ulendo. Mukadziwa kuti china chake chinachitika pa gemu, funsani tsiku ndi tsiku ngati kalata yafika.

Ikafika, lembani msanga kupempha lipoti la woyimbira, la komishonala wa gemu ndi kanema aliyense amene komiti idzaonere. M'malamulo a FIFA zolembedwa m'lipoti la woyimbira zimatengedwa kuti ndi zoona mpaka wina atabweretsa umboni wotsutsa. Kungonena kuti "refa akunama, amadana ndi timu yathu" sikusuntha kanthu, kumangoonjezera mkwiyo. Chosuntha ndi kanema, mboni zosakhala za timu yanu, kapena kusagwirizana kwa malipoti awiriwo pa miniti, nambala ya jezi kapena malo. Dziwaninso kuti chigamulo cha woyimbira cha m'bwalo sichisinthidwa. Chomwe komiti ingakonze ndi kulakwitsa koonekeratu, monga kupereka khadi kwa munthu wolakwika.

Yankho lanu likhale lolembedwa, lalifupi, la deti ndi siginecha. Nenani chomwe mukuvomera, chomwe mukukana, umboni womwe mwaphatikiza, ndi zifukwa zochepetsera chilango: mbiri yanu ya makhadi, kuputidwa ngati kunalipo, kupepesa komwe munachita kale. Kupepesa kwa woyimbira kudzere m'kalata yopita ku ligi, osati kumutsatira kunyumba. Sungani umboni woti yankho linatumizidwa ndi nthawi yake. Likulu la FAM lili ku Mpira Village, ku Chiwembe mu Limbe, ulendo wa tsiku lathunthu kuchokera ku Mzuzu, choncho mukaitanidwa kutali ndipo belo ikukumangani kapena thiransipoti palibe, pemphani mwa kalata kuti mumvedwe pa intaneti kapena tsiku lisinthidwe. Kungokhala osapita kumapatsa komiti mpata wogamula ndi mapepala omwe ili nawo.

Chenjerani kwambiri milandu iwiriyi ikamayenda nthawi imodzi. Zomwe mwalembera komiti zikhoza kufika kwa woimira boma. Wosewera amene wakana mlandu kukhoti Lachiwiri n'kulembera ligi Lachitatu kuti "ndinapsa mtima, ndikupepesa pomumenya" wadziwotcha yekha. Loya yemwe akukuimirani kukhoti awerenge kalata iliyonse yopita ku ligi kapena ku timu. Mukhoza kupempha komiti kuti idikire khoti. Ili ndi ufulu wokana, komanso ikhoza kukuimitsani mongoyembekezera.

Chigamulo chikatuluka, pemphani zifukwa zake zolembedwa, chifukwa apilo imamangidwa pa zifukwazo. Ku FIFA munthu ali ndi masiku 10 opemphera zifukwa, kenako masiku 3 onenera kuti achita apilo ndi ena 5 operekera mfundo zake. Masiku ndi ndalama ya apilo ku komiti ya apilo ya FAM muzione pa kalata ya chigamulo ndi m'malamulo, ndipo lisiti ya ndalamayo iphatikizidwe. Apilo yopanda lisiti kapena yochedwa tsiku limodzi imatayidwa osawerengedwa. Kuchita apilo pakokha sikuimitsa chiletso. Pamwamba pa zonse pali khoti la zamasewero la CAS ku Lausanne, komwe muli ndi masiku 21 ochitira apilo ndipo mumalipira mafranki 1,000 a ku Switzerland ongotsegulira fayilo, osawerengera maloya. Kwa wosewera wa ligi yathu njira imeneyo imayenera pokhapokha chiletso chikakhala cha zaka. Kuthamangira ku High Court kukatenga chiletso choimitsa chilango cha mpira n'koletsedwa m'malamulo a FIFA ndi a mabungwe ake, ndipo kumabweretsa chilango china pa inu ndi pa timu.

Kuwerenga chiletso

Pemphani kalata yonena magemu enieni omwe mukhale panja. Malamulo a mpikisano ndiwo amanena ngati gemu ya chikho ikuwerengedwa pa chiletso cha mu ligi, ndipo gemu yopimana mphamvu siwerengedwa. Timu ikakuseweretsani chiletso chisanathe imalandidwa gemuyo 3-0, ndipo inu mumalangidwanso. Onaninso mtundu wa chiletso. Cha magemu chimakulolani kuchita nawo zokonzekera. Choletsa zochitika zonse za mpira chimatseka ngakhale zimenezo: Luis Suárez ataluma Giorgio Chiellini mu 2014 analetsedwa magemu 9 a dziko lake ndi miyezi 4, ndipo zinatengera CAS kuti aloledwe kukonzekera ndi Barcelona.

Mlandu suwola. Chiletso chotsala chimalowa nanu m'nyengo yotsatira ndi ku timu yatsopano. Mukasamukira kunja, cha magemu 4 kapena miyezi 3 kutsika m'munsi chimapita ndi chikalata chanu cha kusamuka, ndipo chachikulu, monga cha kumenya woyimbira, FIFA ikhoza kuchifalitsa dziko lonse lapansi. Chindapusa lipirani ku akaunti ya bungwe, osati m'manja mwa munthu, ndipo lisiti isungeni.

Milandu yomwe imapha ntchito popanda chibakera

Wina akakufikirani kuti mugulitse gemu, kukana kokha sikukwanira, muyenera kukanena. Ku FIFA kugulitsa gemu ndi chiletso cha zaka zosachepera 5, ndipo kubisa kuti munafikiridwa ndi zaka zosachepera 2. Mu 2019 FIFA inaletsa moyo wonse osewera angapo a maiko osiyanasiyana, mmodzi mwa iwo wosewera wakale wa Flames. Sungani mauthengawo, uzani FAM mwa kalata. Kubetcha pa mpira nakonso n'koletsedwa kwa wosewera, ngakhale pa ligi ya ku England, ngakhale kudzera pa foni ya mchimwene wanu. Ivan Toney anakhala panja miyezi 8 kuyambira mu 2023 chifukwa cha zimenezi.

Pa mankhwala, chopezeka m'thupi mwanu ndi mlandu wanu, kaya munadziwa kapena ayi. André Onana anamwa piritsi la mkazi wake molakwitsa, analetsedwa miyezi 12 mu 2021, CAS inangotsitsa kufika pa 9. Tramadol, mankhwala opha ululu, ndi woletsedwa pa mpikisano kuyambira pa 1 Januwale 2024, ndipo mankhwala ena a chimfine ali ndi pseudoephedrine, yomwenso ingakugwetseni m'mlandu womwewu. Chilichonse chogula ku famase kapena cha kwa asing'anga chidzere kwa dokotala wa timu. Chamba chili ndi mbali ziwiri: kukhoti ndi mlandu pansi pa Dangerous Drugs Act, ku mpira ndi chiletso chomwe chingakhale miyezi 3 mukatsimikiza kuti munasuta kunja kwa mpikisano. A Malawi Anti-Doping Organisation akakusankhani kuti muyezedwe, pitani. Kukana kumatha kufika zaka 4. Kusintha zaka zobadwa kapena kusayina ndi matimu awiri nakonso kumathera ku komiti.

Timu ndi kontrakiti yanu

Khalani ndi kope ya kontrakiti yanu ndi malamulo a timu, kunyumba osati ku ofesi ya timu kokha. Ngati muli pa limandi, wachibale alembere timu tsiku loyamba kufotokoza komwe muli, kuti kusowa kwanu kusalembedwe ngati kuthawa ntchito. Mukatuluka, pitani ku zokonzekera ngakhale muli pa chiletso cha magemu. Mukabwezedwa pa geti, lembani kalata yonena kuti munabwera ndipo mwakonzeka kugwira ntchito, ndipo pemphani kuti kuimitsidwako kulembedwe, ndi masiku ake ndi za malipiro.

Kumangidwa pakokha si chifukwa chothetsera kontrakiti. Gawo 57 la Employment Act limati wantchito asachotsedwe pa nkhani ya khalidwe asanapatsidwe mpata wodziteteza, ndipo malamulo a FIFA amafuna chifukwa chomveka. Musasayine pepala la "tagwirizana kusiyana" musanaliwerenge ndi munthu wodziwa. Ambiri amataya malipiro a miyezi yotsala ndi ndalama yosayinira mwa njira imeneyi. Timu ikasiya kukulipirani, malamulo a FIFA amati ngongole ikafika malipiro a miyezi iwiri mulembe kalata yowapatsa masiku 15. Akalephera, muli ndi chifukwa chothetsera kontrakiti. Mukangochoka osatsata izi mukhoza kuletsedwa miyezi 4 ndi kulipitsidwa. Dandaulo la wosewera wa kuno pa timu ya kuno limapita ku FAM, ndipo a Football Players Association angakuthandizeni kulilemba. Wosewera wochokera kunja, monga ku Tanzania kapena ku Zambia, akhoza kupita nalo ku FIFA pasanathe zaka 2 chiyambire vutolo.